Suti yobwereka sidziwa mwera

Pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja, pakati pa Boma la Mangochi ndi Monkey Bay, tinkafuna munthu woyang'anira stoo ya zakudya. Ntchito yake ndi kugula, kulemba, kusunga, ndi kuonetsetsa kuti wophika asadzaime pakhomo la khitchini manja ali lende alendo atakhala kale patebulo. Ofunsa mafunso tinalipo atatu, ine mmodzi mwa iwo. Unali mwezi wa Juni, ndipo panja mwera unali utalusa moti mafunde ankamveka m'chipinda momwe tinakhalamo.

Woyamba kulowa anali mnyamata wa dipuloma, atavala suti yakuda yomukulira pang'ono m'mapewa, nsapato zili mbee. Anatipatsa moni m'Chingerezi chosalala. Titamufunsa chimene akufunira ntchitoyi, anayankha osapumira, ngati mwana wa Sitandade 5 akulakatula ndakatulo pa tsiku lotsekera sukulu. Anati ndi wolimbikira, amakonda kugwira ntchito ndi anzake, loji yathu ndi yotchuka, ndipo chiyambire ali mwana wakhala akulota atagwira ntchito yosamalira alendo. Bambo amene anakhala kumanja kwanga, omwe aphika pamalopo zaka zambirimbiri, anamudikira kuti amalize, kenako anati: "Achimwene, mawa kukubwera alendo 40 a msonkhano, onse alembetsa chambo. Mphepo ili panjayi mukuimva. Mutani?" Mnyamata anayang'ana kuwindo, n'kuyang'ananso ife, n'kunena kuti adzaonetsetsa kuti zonse zayenda bwino motsatira malamulo a kampani.

Cha kumasana kunalowa mayi wa MSCE yokha, atafunda mpango kumutu, mapepala ake ali mu envelopu yakhaki. Chingerezi chake chinali chodumphadumpha ndipo anapempha kuti ayankhe m'Chichewa. Funso lomwe lija analiyankha chonchi: "Mwera ukalimba chonchi maboti satuluka, bwana. Chambo chikapezeka mawa chikhala chochepa, mtengo wake wosayamba. Ndikanakhala ine ndikanagula Lolemba kuli bata, n'kuika mufiriji. Koma poti ndi lero, ndiimbira anthu a ku doko madzulo ano, osadikira m'mawa. Chikapanda kukwana ndiwauza amanijala msanga, alendo awafunse za kampango kapena nkhuku asanakhale patebulo." Atatero anatifunsa ifeyo ngati jenereta yathu imayendetsanso mafiriji magetsi akazima, kapena ndi ya mababu okha. Ophika aja anandigunyuza ndi chigongono pansi pa tebulo.

Nkhaniyi ndaiyamba chonchi chifukwa pali mawu amene aliyense wolangiza ofuna ntchito amawanena: ukapita ku intavyu uzionetsa chidwi. Mawuwa ndi oona, koma achinyamata athu ambiri awamva molakwika. Akuganiza kuti chidwi ndi nkhope, kumwetulira, kugwedeza mutu, ndi kunena katatu kuti ntchitoyi ndimaikonda. Ine ndikuti chidwi sichili pakamwa. Chili pa zimene munthu wavutikira kuzidziwa asanalowe m'chipinda muja. Wofunsa amene amaidziwa ntchito yake safuna kumva kuti umaikonda. Amafuna aone ngati unaiganizirapo uli wekha, usiku, popanda wokuonerera. Zimenezo sizibisika, ndipo sizinamizikanso.

Vuto n'lakuti masiku ano mayankho a intavyu akuyenda pa WhatsApp ndi pa Facebook ngati mapepala a mayeso obera. Mafunso khumi amene adzakufunse, mayankho khumi amene uyenera kuloweza. Amene analemba zimenezo sanapondepo pa Makawa, kunyanja kwathu kuno. Ndiye umakhala pampando wa ofunsa kuyambira m'mawa, anthu asanu ndi atatu osadziwana akukuuza chofooka chimodzimodzi, choti amalimbikira ntchito mopitirira muyeso. Wachitatu akamanena umamwetulira, wachisanu ndi chimodzi akamanena umayang'ana wotchi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Choseketsa n'chakuti amene waloweza amadzimva kuti wakonzeka kuposa onse, ndipo akalephera amati pachitika chinyengo.

Sindikuwaseka, chifukwa inenso ndinadutsa momwemo. Nditangomaliza sukulu ndinaitanidwa ku Blantyre ndi bungwe lina limene linkafuna munthu wokagwira ntchito ndi asodzi kwathu kuno. Ndinabwereka jekete kwa amalume, ndinaloweza mbiri ya bungwelo, chaka chimene linayamba ndi mayiko amene lilimo. Mayi wina pakati pa ofunsa anandifunsa kuti chambo amachitsekera nyanja chifukwa chiyani, ndiponso kuti msodzi amene ali ndi ana asanu ndi mmodzi ndingamuuze chiyani kuti apachike khoka lake miyezi imeneyo. Ine mwana wa m'mbali mwa Shire, woti ndakula ndikudya nsomba tsiku ndi tsiku, kukamwa kunangoti gwa. Ndinali nditawerenga za likulu lawo la kutsidya kwa nyanja zamchere, koma nyanja imene ndinkasambamo sindinaiganizirepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinakwera basi yobwerera ndikudziuza kuti ntchito anali atapatsa kale wachibale. Panapita zaka ndisanavomere kuti mayi aja anandifunsa funso lachilungamo.

Yankho lake silinali lobisika. Chambo chachikazi chimafungatira mazira ndi tiana take m'kamwa, ndipo chimaswana m'madzi osaya kumene makoka a m'mphepete amakokera. Ukakola chimodzi nyengo yoswana wapha banja lonse. N'chifukwa chake kumapeto kwa chaka nyanja amaitseka ku zida zina. Ku Malombe anthu anaziona ndi maso: chambo chimene chinkadzadza mabwato chinazimiririka cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, m'malo mwake n'kutsala kambuzi, ndipo ndi komweko, mu 1993, kumene kunayambira makomiti a m'madoko amene timawatcha ma BVC, oti asodzi eni ake azitenga nawo gawo posamala nyanja. Lamulo la usodzi la 1997 linadzatsegula njira yoti anthu a m'midzi azitero movomerezeka. Zonsezi nkhalamba iliyonse ya ku Chimwala ikanandifotokozera titakhala pansi pa mtengo wa mango, ndikanangoifunsa. Safunsa anadya phula.

Tsono kukonzekera kwenikweni n'kutani? N'kwa miyendo. Mangochi si London kuti ntchito uzingoiwerenga pa intaneti. Malo ambiri olemba anthu kuno alibe ngakhale tsamba, ndipo amene ali nalo analilemba kalekale n'kuliiwala. Koma malowo alipo, chipata chake chikuoneka, ndipo kabaza amafika. Pita ukaone. Ngati ndi shopu ya pa Boma, lowamo ugule sopo, uone katundu amene akutuluka msanga ndi amene wachita fumbi pa shelefu, uone nthawi imene anthu amadzadza. Ngati ndi chipatala, khala pabenchi ola limodzi, uone kumene mzere umatsamwira. Ngati ndi loji, zungulira kuseri kumene amalandirira nsomba, tomato ndi makala, chifukwa loji ili ngati nyumba ya munthu: kumaso n'kwa alendo, moyo wake uli kuseri. Mayi wa envelopu yakhaki uja anachita zimenezo. Tinadzamva kwa alonda kuti anabwera dzana lake, anakhala pachipata cha kuseri ndi amayi ogulitsa ndiwo, n'kumafunsa kuti galimoto ya zakumwa imabwera tsiku liti, nsomba amagula kwa ndani, ndipo amene anali pa ntchitoyo anachokeranji. Alonda ndi okolopa amadziwa zambiri za kampani kuposa chikalata chilichonse chimene amanijala anasainira, ndipo ukawapatsa ulemu amakuuza.

Ntchito iliyonse ya m'boma lino ili ndi mwera wake. Wofuna kukhala pa risepushoni kapena kuperekeza alendo adziwe kuti mlendo akafika pa Cape Maclear safunsa za dipuloma. Amafunsa kuti tinsomba tamawangamawanga tija n'tiyani. Ndi mbuna, ndipo ndi chifukwa cha nsomba zoterezi kuti paki ya Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, kenako UNESCO n'kuiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mlendo yemweyo akadutsa pa Boma aona nsanja ya wotchi pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, afunsa, ndipo zimachititsa manyazi mwana wobadwira pompano akamalephera kunena kuti tawuniyi inkatchedwa Fort Johnston, kuti nsanjayo ndi chikumbutso cha Mfumukazi Victoria, ndi kuti pomwepo pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Wina afunsa za Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951 ndipo kwawo ndi ku Monkey Bay. Wofuna ntchito pa loji adziwenso zimene nyanja inachita mu 2024, pamene madzi anakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'zipinda za alendo m'madera ambiri a m'mphepete. Mwini loji amene anataya zipinda chaka chimenecho ukamufunsa kuti anapulumuka bwanji, wamugwira pamtima kuposa mawu onse oloweza.

Wofuna ntchito ya zaumoyo m'midzi sangalowe m'chipinda osaganizirapo za kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu ambiri kuposa kolera ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino, ndipo Mangochi inali pakati pa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Aganizire chifukwa chake: asodzi ogona pa doko masabata popanda chimbudzi, mchenga umene dzenje silikhalitsa, madzi omwewo osamba, otsukira mbale ndi akumwa. Aganizire za likodzo, limene ana a m'mbali mwa nyanja ena amaliona ngati gawo la kukula. Munthu amene wafika ndi maganizo amenewa, ngakhale atalakwitsa pena, wofunsa amaona kuti mutu wake unayamba kale kugwira ntchitoyo.

Tsopano ndimve mbali ina, chifukwa ndikudziwa kuti alipo amene akuwerenga izi akupukusa mutu. Akuti: inu mukunena za chidwi chifukwa mwakhuta. Ife tikufuna ntchito iliyonse, ya mu stoo, ya ulonda, ya ukalaliki, bola pakutha pa mwezi pakhale kanthu. Munthu wanjala umufunsa bwanji ngati amakonda nsima ya mgaiwa kapena yoyera?

Mawu amenewa ndi olemera ndipo sindiwapeputsa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma lino, ambiri mwa iwo achinyamata, pamene malo olemba anthu pa malipiro a pamwezi tingathe kuwawerenga ndi zala: boma, mahotela ngati Sunbird Nkopola ndi Makokola, Maldeco, mabungwe, mabanki ochepa, mashopu. N'chifukwa chake m'midzi yambiri ya ku Namwera, Katuli ndi Makanjira nyumba yamalata imene waiona ukafunsa amakuuza kuti mwini wake ali ku Joni. Tonse tikukumbukira 2020, pamene anthu zikwizikwi anakhamukira ku ma intavyu a alangizi a zaumoyo, mpaka ku Mzuzu ena kuvulala pokankhana pachipata. Amene anaima m'mizere imeneyo sanapite chifukwa cha maloto a paubwana. Anapita chifukwa kunyumba kulibe ufa.

Koma apa mpamene ndikusiyana nawo. Ine sindikunena kuti ntchito uziikonda. Chikondi ndi nkhani ina, chimabwera pambuyo kapena osabwera n'komwe. Ndikunena kuti uziiyang'ana. Ofunsafe si ana. Tikudziwa kuti wabwera chifukwa cha ndalama, ifenso tili pamenepo chifukwa cha ndalama. Munthu wondiuza kuti "ndikufuna ntchito chifukwa ndili ndi ana awiri ndi amayi odwala, koma ndaiona ntchito yanuyi ndipo ndikuganiza kuti pakuvuta ndi apa" ndimamukhulupirira kuposa wondiuza kuti anabadwira kusunga stoo. Palibe mwana amene anabadwira kuwerenga matumba a mpunga. Ndipo njala yomweyo ndiyo ikuchititsa kuti kuyang'ana kukhale kofunika kwambiri. Pamene anthu 60 akulimbirana mpando umodzi, onse ali ndi MSCE, onse achapa malaya, chokusiyanitsa ndi anzako si satifiketi ya MANEB imene aliyense wanyamula. Wanjala ndiye sayenera kuwononga ndalama ya basi kupita kukalakatula ndakatulo.

Taonani mmene mwini chilimira, khoka lalikulu lophera usipa, amasankhira alovi, anyamata okoka khokalo, ku Msaka kapena ku Malembo. Safunsa CV. Amayang'ana mnyamata amene amafika pa doko asanaitanidwe, amene akaona khoka lang'ambika amatola singano, amene amadziwa kuti mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, amene amayang'ana mitambo ya kummwera asanakankhe boti. Mnyamatayo mwina usodzi saukonda n'komwe, mwina akusonkhanitsa ya pasipoti. Koma maso ake ali pa ntchito, ndipo tsiku lina ndiye adzakhale siginala, wotsogolera anzake kumene kuli nsomba. Intavyu ya mu ofesi ndi yomweyo, kungoti mwini ntchito alibe mwezi wathunthu wokuonera pa doko. Ali ndi mphindi 20, ndiye amafunsa mafunso kuti aone zimene mwini chilimira amaona ndi maso.

Chotsutsa chachiwiri n'chowawa kuposa choyamba: ntchito zimakhala zitapita kale. Mayina analembedwa usiku, intavyu ndi mwambo chabe wophimba anthu m'maso. Kukana kuti izi zimachitika kungakhale kunama. Ndinakhalapo pa gulu la ofunsa pamalo ena pamene tinamaliza kupereka malikisi, mawa lake n'kumva kuti walembedwa ndi amene anali wachinayi, mphwake wa winawake. Alipo atsikana amene amauzidwa kuti akakumane ndi bwana madzulo kuti akambirane bwino. Alipo onyenga oimba foni kuti tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe. Pa zimenezi ndilibe mawu ofewa. Ntchito yeniyeni sagula, ndipo wokuuza kuti utumize ndalama ya intavyu ndi wakuba. Katangale ali ndi lamulo lake la 1995 limene linabala bungwe la ACB, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu pomufuna zachisembwere ndi mlandu. Kudandaula n'kovuta, ndikudziwa, makamaka m'tawuni yaing'ono imene aliyense amadziwa azakhali a mnzake.

Komabe taganizani amene amalemba anthu ambiri kuno. Ndi mwini shopu ya hadiweya, mwini loji ya zipinda khumi, mayi wa sukulu ya mkaka, mwini maboti atatu. Anthu amenewa ndalama ndi yawo. Akalemba mphwawo waulesi, chambo chikaola mufiriji, amalira ndi iwo eni. Ambiri analembapo wachibale kamodzi, anapsa, ndipo sakufunanso. Ngakhale pamene mpando waperekedwa mokondera, ofunsa enawo amakhala ataona. Mtsikana amene anali woyamba pa tsiku limene tinaberedwa lija, mnzanga wina wa pagulupo anamuitana patapita miyezi ingapo atamva kuti kwina kukufunika munthu. Amene anangoti zonse n'zachinyengo n'kubwera osakonzeka, chinyengo chikapanda kuchitika tsiku limenelo amakhala wadzimana yekha.

Pali chinanso chimene chimatigwetsa, ndipo ichi n'cha kwathu. Tinaleredwa kuti pamaso pa akulu uziyang'ana pansi, usamayankhe zambiri, usamadzitame. Ndi khalidwe labwino ndipo sindikufuna lithe. Koma ku intavyu mbewa ya manyazi imafera kuuna. Mtsikana amene wakhala akugulitsa usipa kuyambira ali Fomu 2, amene amadziwa kuwerenga phindu atachotsa ya thiransipoti ndi ya msika, amene anapirira makasitomala okongola osabweza, ukamufunsa ngati anagwirapo ntchito amati, "Ayi bwana, ndimangokhala." Mnyamata amene wasunga ndalama za gulu la banki m'khonde zaka zitatu osasowa ngakhale tambala amati alibe luso lililonse. Kunena zimene unachita si kudzitama. Kudzitama ndi kunena kuti ndine wokhulupirika. Kunena kuti "ndinasunga buku la gulu la anthu 25, ndipo pogawana mu Disembala masamu anakwana" ndi kupereka umboni, ndipo ukhoza kuunena uli wofatsa, manja ali pamiyendo, ulemu wonse uli pomwepo.

Chiyao ndiye chimandipweteka mtima. Ndaonapo achinyamata akuchibisa ngati chilema, osachilemba n'komwe pa CV, poganiza kuti ofesi imafuna Chingerezi basi. Chonsecho bungwe likufuna munthu wokakhala pansi ndi amayi a kwa Jalasi kukamba za katemera, kapena banki ikufuna wokafotokozera agogo a ku Malindi mmene angalandirire ndalama imene mwana wawo watumiza kuchokera ku Johannesburg. Mlangizi wofika pakhomo n'kunena kuti "Ajimwiche uli?" amamuyalira mkeka, wofika ndi Chingerezi amayankhidwa ali chiimire. Wodziwa nthawi imene mudzi umakhala ku Juma, mapemphero a Lachisanu ku mzikiti, wodziwa kuti msonkhano wa masana mwezi wa Ramadani suyenda, wodziwa kuti kwa amfumu salowa chilowelowe, ali ndi chuma chimene mnzake wochokera ku Lilongwe adzatenga chaka kuti achipeze. Chinenedwe m'chipindamo, mokweza.

Pamapeto amafunsa kuti kodi muli ndi funso. Ambiri amati alibe, poganiza kuti ndiwo ulemu. Kwa ine funso limene munthu wafunsa limandiuza zambiri kuposa mayankho ake onse, chifukwa yankho ukhoza kubwereka koma funso labwino limachokera pa zimene waona. Funsa za ntchitoyo: chimene chimavuta kwambiri ndi chiyani, amene analipo ankalephera pati, miyezi itatu yoyamba mukufuna muone chiyani. Ndipo usaope kufunsa za moyo wako, bola uyambe ndi za ntchito. Malipiro ndi angati, pali nyumba kapena uzichokera kwanu, mashifiti a usiku amatha nthawi yanji ndipo umabwerera bwanji, Lachisanu masana kapena Lamulungu m'mawa amalola kukapemphera. Lamulo la Employment Act la 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata kupatula ovataimu, nthawi yoyesedwa kwa munthu waluso isapitirire miyezi 12, ndipo wolemba ntchito apereke chikalata chofotokoza malipiro ndi zina zonse za mgwirizano. Bwana amene wakwiya chifukwa wafunsa mwaulemu za chikalata chimenechi wakuuziratu mmene mudzakhalire.

Zina zija aliyense amazidziwa, sindichedwapo. Chitupa cha unzika, masatifiketi enieni ndi mafotokope ake, zovala zochapa zokukwana ngakhale zili za pa kaunjika, foni yozimitsa. Wochokera ku Makanjira nthawi ya dzinja asadalire galimoto ya m'mawa wa tsiku lomwelo, msewu uja tonse tikuudziwa. Agone kwa wachibale pa Boma. Ndipo dzina la munthu amene wamulemba kuti akakuchitire umboni, muuze. Tinaimbirapo aphunzitsi ena amene anayankha kuti, "Ndani ameneyo?"

Ndisamalize ngati kuti olakwa ndi ofuna ntchito okha. Ife okhala kuseri kwa tebulo tili ndi milandu yathu. Timaitana anthu 30 nthawi imodzi, 8 koloko m'mawa, n'kuyamba 11 koloko, munthu wachokera ku Chiponde atakongola ya thiransipoti, osamupatsa ngakhale madzi pa kutentha kwa Okutobala. Timafunsa m'Chingerezi ntchito imene idzagwiridwe m'Chiyao ndi m'Chichewa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, kenako n'kumadabwa kuti tasankha wolankhula m'malo mwa wogwira. Nafenso mafunso athu timakopera pa intaneti pomwe paja, ndiye woloweza akakumana ndi wokopera, onse awiri amatuluka osangalala, stoo n'kumaola. Timalonjeza kuti tikuimbirani, osaimba, munthu n'kumadzidzimuka mwezi wathunthu foni ikalira. Ngati tikufuna anthu achidwi ndi ntchito yathu, nafenso tionetse chidwi ndi munthu wakhala patsogolo pathuyo. Mafunso ngati la ophika aja, otengedwa m'khitchini momwe, ndi amene amapatsa mpata mwana wa msodzi kuti apose mwana wa bwana. Mayi uja tikanamukaniza Chichewa, tikanataya munthu amene wasunga stoo imeneyo mpaka lero.

Mnyamata wa suti uja ndinadzakumana naye patapita miyezi, pa depoti, akudikira minibasi ya ku Monkey Bay. Anandizindikira ndiye, nandipatsa moni mwaulemu, ndipo tinakhala mpando umodzi. Anali atavala tisheti ndi patapata, ndipo m'manja mwake munali zipsera za chingwe. Pocheza ndinamva kuti suti ija inali ya alamu ake. Kwawo ndi ku Msaka, bambo ake ali ndi chilimira, ndipo fizi ya dipuloma ija anaipeza yekha pokoka khoka zaka zitatu. Tikudutsa pa Nkopola anasuzumira pawindo, n'kunena kuti mphepoyi igwa mawa madzulo, mkuja usipa utsika mtengo.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga achimwene, tsiku lija ophika atakufunsani za chambo ndi mwera, simunanene bwanji zimenezi?"

Anaseka mwamanyazi, akuyang'ana zipsera zake. "Ndinkaona ngati zimenezo si za mu intavyu, bwana."